Madzi Amene a Fraser Sanathirire

Amalawi amene anakhalako ku Nairobi zaka zimenezo, mukawatchulira dzina la a Fraser Chikafa amayamba aseka kaye, kenako n'kufunsa ngati akuluwo anaimaliza nkhani yawo ya Amereka. Sanaimalize. Nkhani imeneyo inalibe pothera, woimvera ankangodzuka yekha akatopa.

A Fraser anali mphunzitsi wa mbiri yakale pasukulu ina ya sekondale ku Ntcheu. Tsiku lina, m'nthawi ya chipani chimodzi ija, anauza ana m'kalasi kuti pulezidenti woyamba wa dziko la Amereka atalamula zaka zisanu ndi zitatu anatula pansi udindo yekha, popanda womukankha, n'kubwerera kumunda kwake. Anawo analemba. Koma makoma a nthawi imeneyo anali ndi makutu, ndipo sabata isanathe ahedi anawaitanira muofesi n'kuwafunsa monong'ona kuti, kodi pamenepa mumanena ndani? A Fraser sanadikire funso lachiwiri. Mnzawo wina wa kumpingo anawapezera ntchito yokonza timabuku tophunzitsira akuluakulu ku bungwe lina la matchalitchi ku Nairobi, ndipo mu 1991 anatsika ndege ali ndi mkazi wawo a Eneles, kamwana kawo Kimberly, ndi katoni ya mabuku yolemera kuposa zovala za banja lonse.

Atafika kuno pakamwa panamasuka, ndipo zonse zimene ankameza kwawo zinayamba kutuluka. Paukwati, pamaliro, ngakhale mu matatu, timinibasi ta kuno, Mmalawi akangowapatsa moni a Fraser ankamunyamula ulendo wa ku Amereka wa zaka mazana awiri zapitazo. Ankati anthu aja atathamangitsa Angerezi anazindikira kuti kuchotsa mfumu n'kosavuta, chovuta n'kugwirizana m'mawa mwake. Zigawo zinali khumi ndi zitatu, chilichonse ndi mtima wake, ndipo boma limene anayamba kupanga linali lopanda mano, lomangopempha. Ankafotokoza za msonkhano wa ku Philadelphia, mmene akuluakulu anadzitsekera m'chipinda nyengo yotentha, mawindo ali chitsekere kuti mawu asatuluke, zigawo zazikulu zikufuna mipando yambiri, zazing'ono zikukana kumezedwa, mpaka anagwirizana zokhala ndi nyumba ziwiri za malamulo. Akafika poti ena ankafuna kuti mtsogoleri azitchulidwa ndi mayina aulemu otalika ngati a mfumu, koma mapeto ake anangomutcha pulezidenti basi, a Fraser ankaseka mpaka kuvula magalasi. Omverawo ankasekanso, chifukwa mayina otalika ankawadziwa bwino.

Koma nkhani ya pamtima pawo, imene ankaisungira kumapeto ngati nthutumba ya nkhuku, inali ya anthu atatu. Washington, woyamba uja, tsiku lolumbiritsa womulowa m'malo anabwera, n'kukhala pomwepo, kuona ndi maso ake wina akutenga mpando wake. Wachiwiri, Adams, atagonja pachisankho kwa Jefferson, mnzake wakale amene anamenyera naye limodzi ufulu, zinamukanika. Tsiku lolumbiritsa analawira mbandakucha pangolo, n'kutuluka mumzinda anthu asanadzuke. Akafika pamenepa a Fraser ankapukusa mutu ngati akunena za mphwawo amene wagwidwa ndi mbuzi ya eni.

"Munthu wophunzira, wanzeru zake," ankatero, "koma kuthawa kusanache! Manyazi, abale anga. Manyazi."

Munthu mmodzi yekha ndi amene ankatha kuwadula pakamwa. Amenewa anali a Chimango Kaluwa a ku Rumphi, chimunthu chachitali cha phwete lomveka kutsidya kwa msewu, amene ankagwira ntchito yokumba mijigo ku bungwe lina lothandiza anthu othawa nkhondo.

"Aphunzitsi," ankatero a Chimango, "munda umene Washington wanuyo anabwerera, ankalima ndani? Si akapolo?"

A Fraser ankavomera, poti zinali zoona, n'kukonza pakhosi kuti afotokoze. A Chimango n'kuwathirira tiyi wina. "Imwani kaye, achimwene. Ufuluwo sukuthawa."

Awiriwa anagwirizana ngati khasu ndi mpini. A Chimango ndi amene anawaphunzitsa a Fraser kunenerera mtengo m'Chiswahili kuti asamaberedwe kumsika, ndipo ndi iwonso amene anawakokera ku Kitengela, kunja kwa mzinda, kukagula puloti, nthawi imeneyo kuli fumbi ndi mphepo ndi ng'ombe za Amasai basi. A Fraser malowo anawatcha munda wawo wopumulira, akuti tsiku lina nawonso adzabwerera kumunda.

Chaka cha 1994, kwawo anthu atangovota koyamba zipani zili zambiri, ku Nairobi kunachitika chinthu chochititsa manyazi. Amalawi a kuno anali m'timagulu titatu, a kumwera paokha, a pakati paokha, a kumpoto paokha, ndipo gulu lililonse linkalira maliro ake. Ndiye mnyamata wina anafa pangozi mumsewu wa ku Mombasa, mayi ake a ku Mulanje, bambo ake a ku Karonga. Awa akuti si wathu, awa akuti funsani enawo. Thupi linagona m'chipinda chozizira masiku ochuluka, mpaka Akenya amene ankagwira naye ntchito anafunsa ngati mnyamatayo analidi ndi kwawo.

Pamenepo a Fraser anaimirira n'kunena kuti, "Zigawo zija ndi ife amene." Ndipo ulendo uno anthu anamvera mpaka kumapeto.

Anakumana mu holo ya tchalitchi china Loweruka masana. A Fraser anafika msanga n'kutseka mawindo onse. Mayi Bernadette, namwino wachikulire wa ku Zomba amene sankaopa munthu, analowa n'kuwatsegula limodzilimodzi.

"Aphunzitsi, kuno si ku Philadelphia. Tikomoka."

Malamulo a bungwe latsopanolo analemba ndi a Fraser. Tcheyamani azikhala zaka ziwiri, ndipo asapitirire maulendo awiri. Chigawo chilichonse chikhale ndi anthu ofanana mukomiti. Voti izikhala ya papepala, yachinsinsi. Mtsogoleri azitchulidwa a tcheyamani basi, popanda mchira. Ndiye anawonjezera lamulo lina limene silinachokere m'buku lililonse la ku Amereka. Anati tsiku losinthana udindo, chakudya chisanayambike, wotulukayo azitenga jagi ndi beseni, n'kugwada pamaso pa wolowayo, n'kumuthirira madzi osamba m'manja. Munthu asakhudze mbale zimenezi zisanachitike.

"Kwathu amene amathirira mnzake madzi ndi wamng'ono," anatero. "Mtsogoleri aphunzire kuchepa anthu akuona."

Anthu anaombera m'manja. Anagula jagi yachitsulo yoyera, ya mkombero wabuluu, ndi beseni lake, ndipo anagwirizana kuti zizisungidwa kunyumba kwa tcheyamani.

Woyamba kusankhidwa anali mayi Bernadette. Anatsogolera maulendo awo awiri, maliro anayenda, odwala anayenderedwa, ndipo mu 1998 mayiwo anagwada ndi maondo awo a nyamakazi n'kuthirira madzi a Fraser, amene anali atasankhidwa kulowa m'malo mwawo. A Fraser analira poyera. Anati tsiku limenelo aona ndi maso zimene ankangowerenga.

Tsono kulemba malamulo ndi kwina, kutsogolera anthu ndi kwinanso. A Fraser sanabe kalikonse, sanakondere munthu, ndipo ankafika pamsonkhano asanafike wina aliyense. Vuto linali lakuti msonkhano uliwonse unasanduka kalasi. Nkhani ya yemwe akagule mbuzi ya Khirisimasi inkadutsira kaye ku Philadelphia. Mayi wina atabwera akulira kuti mwamuna wake wagonekedwa m'chipatala, a tcheyamani anamuuza mwaulemu kuti nkhaniyo inayenera kudzera kaye kukomiti ya chigawo chake. A Chimango ndi amene anamutsatira mayiyo panja n'kumutengera kuchipatala pagalimoto yawo. Pomafika chisankho cha 2000, anthu anawapempha a Chimango kuti aime nawo.

A Chimango anapita okha kukawauza a Fraser. "Achimwene, anthu andipempha. Mukakana, ndisiya."

"Imani!" anatero a Fraser mokweza. "Demokalase ndi imeneyo." Ananena ndi mtima wonse, chifukwa sankaganiza n'komwe kuti angagonje.

Anagonja, ndipo sanagonje pang'ono. Timapepala titawerengedwa, a Fraser anaona kuti ngakhale a chigawo chawo chomwe ambiri anawathawa. Anamwetulira, anagwira a Chimango chanza, anthu n'kunena kuti taonani munthu wophunzira. Koma atafika kunyumba anayankhula mawu amene iwo eni sankadziwa kuti ali m'mimba mwawo.

"Akumpoto anapangana. Amakondana okhaokha anthu amenewa."

A Eneles anawatembenukira. "Bambo a Kim, ndinu amene mukunena zimenezi?"

"Kapena inunso munavotera iwowo?"

"Voti ndi yachinsinsi. Munalemba nokha."

Mwambo wosinthana udindo unaikidwa Lamlungu lotsatira, mapemphero akatha. Sabata yonseyo jagi ija inali pamwamba pa kabati, ndipo a Fraser akalowa pabalaza maso ankangothamangira pomwepo. Ankadziona atagwada. Ankaona anthu amene anawakana atakhala m'mizere, akuyang'ana dazi lawo kuchokera pamwamba. Chimene chinkawawawa kwambiri n'choti a Chimango adzaseka phwete lawo lija, osati monyoza ayi, koma mwachikondi, ndipo anthu onse adzaseka nawo.

Lamlungu m'mawa, a Eneles akusita chitenje, a Fraser anavala jekete n'kunena kuti akukaona kaye mpanda ku Kitengela, anthu akuti mitengo ikuzulidwa. Abwera nthawi yabwino, a Eneles angotsogola ndi jagiyo.

Mu matatu ankadziuza kuti palibe cholakwa. Munthu akatula udindo amabwerera kumunda kwake, si ndi zimene anachita Washington uja? Anadziuza zimenezi kudutsa kubwalo la ndege, kudutsa Athi River, mpaka anatsika. Papulotipo mpanda unali bwinobwino. Kunalibe china choti aone, kupatula udzu wouma ndi mapepala apulasitiki okodwa muwaya. Anakhala pamwala. Dzuwa linakwera, ndipo pamene linafika pamutu, nthawi imene ankadziwa kuti ku holo kuja amayi akuvundukula mapoto, bodza lija linawathera. Pa anthu atatu a m'nkhani yawo, ankadziwa bwino amene anali atakhala pamwalapo.

Manyazi anawagwira mpaka thukuta. Msewu sunali patali. Anayendadi mpaka kukaima m'mphepete mwake, ndipo matatu inaima, kondakitala akumenya chitseko. "Nairobi, Nairobi! Mzee, twende!" A Fraser anakweza phazi, kenako n'kulibweza. Tsopano akanalowa bwanji mu holo muja, mochedwa chonchi, nsapato zili mbuu ndi fumbi? Manyazi amene akanayenera kuwakweza galimoto ndi omwewo anawabweza. Anabwerera pamwala paja.

Anafika kunyumba dzuwa litapendeka. A Eneles anali atakhala pabalaza, asanasinthe zovala za kutchalitchi, ndipo jagi ndi beseni zinali patebulo.

"Anthu anadikira mpaka mpunga unazizira," anatero. "Ana kulira ndi njala, koma palibe anakhudza mbale. Lamulo lanu analisunga."

A Fraser anavula jekete, a Eneles n'kupitiriza.

"Ena anati mayi Bernadette athire m'malo mwanu. A Chimango anakana. Akuti madzi amenewo ndi a aphunzitsi, adzathira tsiku limene adzabwere. Anakasamba okha pampopi panja, n'kuuza anthu kuti adye. Jagiyi andipatsa kuti ndibwere nayo."

"Sananene china?"

"Iwo ayi. Koma wina kumbuyo anafunsa kuti ngolo yanu inanyamuka nthawi yanji."

Kuyambira tsiku limenelo nkhani ya Amereka inafa. Anthu amene kale ankabisala akaona a Fraser akubwera, tsopano anali a Fraser amene ankawabisalira. Anasiya misonkhano, n'kuyamba kupemphera mapemphero a m'mawa kwambiri, kumene kunkachuluka Akenya. Anamva kuti achinyamata amawatchula kuti a Adams, ndipo sanakwiye, poti akanakwiyira ndani? Paja amati anyani amasekana zikundu. Iwo anamuseka munthu wakufa kalekale zaka zonse zija, pamaso pa aliyense.

A Chimango anabwera kunyumba kawiri. Ulendo woyamba a Fraser analidi kulibe. Wachiwiri analipo, koma atamva phwete lija pageti analowa kuchipinda n'kukhala pabedi, bambo wamkulu ndi imvi zake, akumva mnzawo akumwa tiyi pabalaza ndi kucheza ndi Kimberly za sukulu. Potuluka a Chimango anayankhula mokweza pang'ono, moti mawuwo anadutsa chitseko. "Mukawauze aphunzitsi kuti manja anga akadali akuda."

Mabuku omwe aja anawapatsanso a Fraser pothawira. Ankadziwa kuti Adams ndi Jefferson, patapita zaka zoposa khumi, anayambanso kulemberana makalata, n'kukalamba ali paubwenzi, mpaka kumwalira tsiku limodzi. Ndiye ankadzitonthoza kuti nthawi ilipo, zinthu zotere zimafuna zipse kaye. A Chimango anatsogolera maulendo awo awiri, ndipo potuluka anagwada n'kuthirira womulowa m'malo ndi jagi yapulasitiki yogula kumene. A Fraser anamva, n'kunena mumtima kuti Khirisimasi ikubwerayi. Anamanga nyumba ku Kitengela, banja linasamuka, jagi yoyera ija inasamuka nawo n'kukwera pakabati ina. Khirisimasi inabwera n'kupita, inanso n'kupita. Paja zengerezu analinda kwawukwawu.

Mu 2007 a Eneles anabwera kuchokera kutauni nkhope ili yakugwa. A Chimango anagwa kuntchito mwezi wathawo, sitiroko. Moyo unapulumuka, koma mbali imodzi inafa, ndipo a Lusubilo, akazi awo, anaganiza zobwerera nawo ku Rumphi. Bungwe linakonza zotsanzikana Lamlungu, mu holo yomwe ija.

A Eneles sanapemphe, sanakalipe. Loweruka anakwera pampando, anatsitsa jagi ndi beseni, anazitsuka ndi sopo n'kuziika patebulo pamene a Fraser ankawerengera nyuzi.

"Ndege yawo ndi ya Lachiwiri," anatero, n'kubwerera kukhitchini.

Ulendo uno matatu anaikwera. Njira yonse chikwama chinali pamiyendo, jagi ikugogoda beseni pabampu paliponse, ndipo a Fraser ankakonza mawu. Anakonza ambiri, abwino, ena a m'Baibulo. Atalowa mu holo mawu onsewo anabalalika. Anthu anali atachuluka, ena achilendo, koma akale aja anawazindikira ndipo phokoso linatsika mzere ndi mzere. A Fraser anamva nkhope ikutentha. Anayenda pakati pa mipando maso ali pansi, kudutsa mayi Bernadette amene tsopano ankayendera ndodo, mpaka kutsogolo.

A Chimango anali panjinga ya odwala, chimunthu chija chitaphwa, mlomo utapotokera mbali imodzi. A Lusubilo anayang'ana chikwamacho, n'kutenga jagi kukaidzaza pampopi panja. A Fraser anagwada. Maondo analira, koma palibe anaseka.

A Chimango anawayang'ana ndithu. Kenako mlomo uja unayamba kulimbana ndi mawu, limodzilimodzi.

"Aphunzitsi. Mpunga... wazizira."

Phwete silinatuluke, mapewa okha ndi amene anagwedezeka. Anthu ena anaseka, ena anapukuta m'maso. A Fraser anakweza jagi.

A Chimango anatambasula dzanja lamanzere, ndipo madzi anatsika n'kulira mubeseni. Lamanja, limene munthu amadyera, limene linawapatsa a Fraser chanza tsiku la chisankho lija, linali gone pamwendo, zala zitapindika. A Chimango analiyang'ana, anayesa, koma silinasunthe.

A Fraser anaika jagi pansi. Ananyamula dzanjalo ndi manja awo awiri, n'kuliika pamwamba pa beseni, ndipo a Lusubilo atawathandiza kuligwira, anathira madzi pang'onopang'ono, akutambasula chala chimodzichimodzi. Linali lolemera, lofunda ngati la munthu wina aliyense.

"Akumva?" anafunsa monong'ona.

A Lusubilo anapukusa mutu. "Limenelo silimvanso, achimwene."

A Fraser anapitiriza kuthira mpaka madzi anatha mujagi.